Dimba la azakhali ndi mvula yosaimba ng'oma

Pofika pakati pa Seputembala, mapiri a kwathu ku Chiradzulu amasintha mtundu. Mitengo ya mombo ndi tsamba imene inali itayoyola masamba imatulutsa timasamba tanthete tofiirira, tina ngati mkuwa, tina ngati magazi, mvula isanagwe ngakhale dontho limodzi. Mu mzinda wa Blantyre ndi ku Zomba majakaranda amakhala atayala maluwa m'misewu. Mango ayamba kumanga tizipatso. Okutobala akalowa ndi dzuwa lake loswa mtengo, nyenje zimalira mpaka m'makutu kuchita kuwawa. Kwa munthu wa khasu imeneyi ndiyo nyengo yodzuka. Nthaka ikadali youma gwa, koma mitengo yanena kale kuti chaka chatembenuka.

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo anga, akhala akuwerenga zizindikiro zimenezi kuyambira ali mtsikana. Kalendala yawo sinali ya pakhoma. Akamaliza kukolola mu Epulo kapena Meyi ankatsikira kudimba, m'mbali mwa kamtsinje ka kumunsi kwa mudzi, kukafesa mpiru, repu ndi tomato. Mu Ogasiti ankabzala chimanga cha mondokwa. Mu Okutobala ankayembekezera chizimalupsa, kamvula kaja kamene kamangogonetsa fumbi ndi phulusa la tchire lopsa, ndipo ngakhale mwana ankadziwa kuti imeneyo si yobzalira. Yobzalira inkabwera mu Novembala, mphepo ikatembenukira ku mpoto. Febuluwale ndi Malichi inali miyezi yothyola nkhwani ndi khwanya zofutsa. Chaka ndi chaka zinthu zinkatsatana ngati mikanda pa ulusi.

Lero mitengo ikuphukabe pa nthawi yake. Imene yasiya kusunga pangano ndi mvula.

Ndinapita kukawaona azakhali mu Okutobala ndili ndi funso limodzi: munthu amalima bwanji asakudziwa ngati chaka chikubwera ndi madzi osefukira kapena ng'amba? Ndinawapeza atawerama pa nazale, akuchotsa udzu umene anaphimbira mbewu zongomera kumene. Titapatsana moni n'kufunsana za kunyumba, anandilozera kheni. "Iwe mwana wa achimwene, zofunsa zakozo uzifunsa uku ukuthirira." Ndinathirira mpaka mapewa kuwawa, ndipo yankho lalikulu ndinalipeza m'mabedimo.

Wa kummwera kuno safunika kuuzidwa zimene zaka zapitazi zatichita. Mu Januwale 2015 madzi anasefukira m'maboma ambiri, dzinja lotsatira n'kubwera ndi chilala. Mu Malichi 2019 kunali namondwe Idai. Mu Januwale 2022 kunabwera namondwe Ana, Gombe n'kutsatira mu Malichi chaka chomwecho. Kenako Freddy mu Malichi 2023, namondwe amene anatha masiku 36 akuyendayenda panyanja ya mchere ndi pamtunda, nthawi yaitali kuposa wina aliyense amene akatswiri a zanyengo analembapo. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa m'dziko muno, ndipo ku Chiradzulu, Mulanje, Phalombe ndi Blantyre anthu anaona mapiri akugumuka n'kutsika ndi matope ndi miyala. Patangopita chaka chimodzi, pa 23 Malichi 2024, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi, ulendo uno chifukwa cha ng'amba ya El Niño imene inaumitsa chimanga chitangoyamba kumasula.

Pa ngozi zoterezi timawerenga za nyumba, milatho ndi minda ya chimanga, ndipo n'koyenera kutero. Za madimba sitimva kawirikawiri. Komatu dimba ndilo limaika ndiwo m'mbale, limagula sopo, mchere ndi makope a ana m'miyezi imene nkhokwe ikungotulutsa osalandira kanthu. Dimba la azakhali Freddy analikwirira ndi mchenga wofika m'mawondo. Nthaka yakuda imene anaidyetsa manyowa kwa zaka zambiri inapita ndi madzi usiku umodzi, chitsime chinatsekeka, nthochi zinazuka. Madzi saiwala khwawa. Azakhali amavomera okha kuti anali atalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, pamalo pamene makolo ankasiyira bango ndi nsenjere.

Mabedi awiri, mtima umodzi

Dimba latsopano lili chakumtunda pang'ono, ndipo pakati pa ilo ndi mtsinje pali mzere wa vetiva, nsenjere ndi nthochi. Chimene chinandidabwitsa poyamba n'chakuti mabedi ake ndi amitundu iwiri. Kale lamulo linali losavuta: m'chilimwe bedi likhale lolowa pansi kuti lisunge madzi othirira, m'dzinja likhale lokwera kuti mizu isavunde. Koma kodi Novembala wa masiku ano ndi wa chilimwe kapena wa dzinja? Palibe angalumbire. Choncho iwo amakonza onse awiri moyandikana, n'kugawa mbande pookera. Kukagwa chimvula, olowa pansi amamira koma okwera amatsala. Kukachita ng'amba, okwera amafota koma olowa pansi amapirira. Amalolera kutaya theka kuti asataye zonse. Wina anganene kuti n'kuwononga mbewu ndi mphamvu. Ine ndikuona nzeru ya munthu amene anaimapo pa mchenga pamene panali dimba lake.

Kufesa nakonso amafesa pang'onopang'ono, kabedi kamodzi pa milungu iwiri iliyonse, m'malo mokhuthula paketi yonse tsiku limodzi. Ndipo m'dimbamo mulibe nthaka yokhala pambalambanda. Udzu, mapesi, makoko a nyemba, masamba ouma a nthochi, zonse zimene ena amasonkhezera moto, iwo amaphimbira nazo. Ndinapisa dzanja pansi pa mapesi dzuwa lili paliwombo: nthaka inali yozizira ndi yachinyezi, pamene kanjira ka pambali pomwepo kankaotcha mapazi. Chiswe chimabwera ndithu, n'chifukwa chake zophimbirazo sazigunditsa ku tsinde la mbewu, ndipo amawaza phulusa mozungulira. Feteleza wa kusitolo atakwera mtengo mpaka ambiri kungomuyang'anira patali, anaphunzira kupanga wa Mbeya: ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono, kuwaza madzi, kumanga bwino m'thumba losalowa mpweya, n'kudikira masiku 21.

Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi ndiwo zimene ife a m'tawuni tinazolowera kuzitcha za kutchire. Bonongwe, luni, chisoso, denje, mwamunaaligone. Kale zinkangomera zokha m'munda, wopalira n'kumazisiya kapena kuzizula mmene wafunira. Azakhali tsopano amazisungira mbewu. Ngala za bonongwe zikakhwima amazimanga m'kathumba n'kuzipachika kukhitchini pofika utsi. Njere za luni ali nazo m'botolo, zosakaniza ndi phulusa. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Kabichi ndi tomato ndi alendo ofuna kuwalera: mvula ikachuluka tomato amagwidwa chiwawu, kukatentha kabichi amadzaza nsabwe, ndipo kambozi ka Tuta absoluta, kochokera ku South America, kaliritsa alimi a tomato kuyambira ku Bvumbwe mpaka ku Lizulu ndi ku Jenda. Bonongwe sachita nawo zonsezo. Akapeza kamvula kamodzi wamera, pakatha milungu itatu kapena inayi wayamba kuthyoledwa, ndipo mbewu yake sugula.

Izi si zatsopano. Jessie Williamson analemba za zomera zothandiza za dziko lino m'buku limene linatuluka mu 1955, n'kusindikizidwanso mu 1975 ndi dzina loti Useful Plants of Malawi, ndipo ndiwo zambiri zimene zili m'menemo ndi zomwe amayi a m'midzi ankaphika kale. Ku Chitedze, Stacia ndi Kristof Nordin a Never Ending Food akhala zaka zambiri akuonetsa pakhomo pawo pomwe kuti banja lingadye chaka chonse kuchokera ku zomera zamitundumitundu, zambiri za konkuno. Ku Dowa, Glyvyns Chinkhuntha anayamba Tikondwe Freedom Gardens mu 1982 pa kamalo kakang'ono ka m'dambo, n'kumayendetsa madzi m'ngalande popanda injini. Nzeru ilipo m'dziko muno. Chimene chimandipweteka n'chakuti timaiombera m'manja ikanenedwa pa msonkhano wa muhotela, koma tikaiona m'manja mwa mayi wa kumudzi akuthyola chisoso timati ndi umphawi.

Kuseri kwa khitchini

Zitsamba za azakhali sizili kudimba. Zili kuseri kwa khitchini, kumene madzi otsukira mbale ndi otsukuluzira zovala amathera. Pali lemon grass, udzu wonunkhira uja wophikira tiyi, pali ginja, chikasu, adyo, alovera, tsabola wa kambuzi, mpungabwi umene amafukiza madzulo pothamangitsa udzudzu, ndi chidede. Ginja ndi chikasu zili ndi khalidwe limene azakhali amalikonda: chilimwe chikafika masamba amauma, zokha n'kugona pansi pa nthaka, ndipo zimadzuka pokhapokha chinyezi chenicheni chitafika. Mvula ichedwe milungu itatu, izo sizitaya kanthu.

Chammwamba, chimene anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amati sangowa, chinachokera ku India ndipo chimapirira dzuwa modabwitsa, koma madzi akaima pamizu chimavunda msanga. Mitengo iwiri inawafera azakhali choncho m'dzinja la 2023, ndiye yatsopanoyi anaibzala pa kachitunda. Nimu nayenso ndi wa ku India, ndipo amasangalala kwambiri kotentha monga ku Salima, Mangochi ndi kuchigwa cha Shire kuposa kumapiri kwathu. Apa pafunika maso: mtengo wa indiya umafanana ndi nimu, ndipo anthu ambiri amasokoneza, koma zipatso za indiya ndi zapoizoni. Wosadziwa afunse kaye asanathyole.

Kulima zitsamba n'kosavuta. Ntchito yeniyeni ili pa kuumitsa, ndipo apa m'pamene nyengo yosokonekerayi imaluma kwambiri. Masamba a chammwamba amathyoledwa m'mawa mame atauma, amatsukidwa, n'kuyanikidwa pamthunzi podutsa mphepo. Padzuwa amayezuka mtundu, ndipo zina mwa zofunika m'thupi zimene zili m'menemo zimaonongeka. Akauma mpaka kumaphwanyika pofikisa m'manja, amasinjidwa mu mtondo, kusefedwa, n'kutsekeredwa m'botolo louma bwino. M'chilimwe ntchito imeneyi ndi ya masiku atatu kapena anayi. Koma masamba amachuluka m'dzinja, pamene mpweya uli wonyowa. Dzinja likatha pali chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza ija imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, imene imatha masiku angapo osakanganuka. Ikakupeza uli ndi masamba pamphasa, amada, amachita chuku, ndipo palibe chowapulumutsa. Ena amasinja omwewo poopa kutaya. Azakhali amataya kudzala, ndipo akulondola, chifukwa chinthu cha chuku si mankhwala.

Mfutso uli pa vuto lomweli. Nkhwani kapena khwanya amazifutsa pang'ono m'madzi owira, kuziyanika padzuwa, n'kuzikulunga m'chikwatu cha masamba a msuku chimene chimapachikidwa kudenga mpaka chilimwe. Zimafuna masiku awiri kapena atatu a dzuwa lenileni mu Febuluwale kapena Malichi. Mu Malichi 2023 masamba analipo koma dzuwa kunalibe. Mu Febuluwale 2024 dzuwa linali lochita kutaya, koma maungu anali atafota m'munda, kothyola kulibe. Zaka ziwiri zotsatana, zikwatu za azakhali zinali zochepa moti zinatha chisanu chisanathe.

Chimene anachita pambuyo pake ndi chimene amayi awo sakanachimvetsa: anayamba kufutsa m'chilimwe. Nkhwani za kudimba, kholowa ndi bonongwe wothirira amazifutsa mu Seputembala ndi Okutobala, pamene dzuwa silinama, kuti zidzawathandize m'masiku a mvula yosalekeza kapena ng'amba ya pakati pa dzinja. M'dzinjamo akaona kuti kwacha bwino, amathyola zochepa zoti ziume tsiku lomwelo ndi lotsatira, osadikira tsiku lalikulu lofutsa. Mdzukulu wawo anawakhomera kabokosi ka matabwa kokutidwa ndi pepala la pulasitiki loonekera mkati, kokhala ndi mipata yotulutsira mpweya, koti mvula ikadzidzimutsa masamba asanyowe.

Amapanganso mafuta odzola, ndipo ndinakhala nawo pamoto tsiku limene ankaphika. Masamba ouma a nimu amawamiza m'mafuta a mpendadzuwa m'kachitini, kachitiniko n'kukaika mumphika wa madzi owira pang'onopang'ono kuti mafuta asapse. Pakapita nthawi amasefa pa nsalu yoyera, n'kusungunuliramo phula la njuchi. Masamba ayenera kukhala ouma, chifukwa aawisi amalowetsa madzi, ndipo madziwo ndiwo amavunditsa mafuta pakangotha milungu yochepa. Muyeso wa phula alibe sikelo yake. Amadontheza pang'ono pa supuni yozizira n'kuona mmene aumira. M'chisanu phula lochepa limakwana, koma a mu Okutobala amafuna lambiri, apo ayi amasungunuka m'kabotolo asanafike kumsika. Ngakhale mafuta odzola amafunsa kaye kuti kunja kuli bwanji.

Chidede chimapereka ziwiri: masamba ake owawasa ndi ndiwo zabwino zotendera, ndipo zikhokho zake zofiira, zikaumitsidwa nthawi yokolola, zimapanga tiyi ndi chakumwa chimene tsopano chikupezeka mpaka m'masitolo akuluakulu a m'tawuni. Nsabwe zikagwira mpiru, azakhali amasinja masamba a nimu kapena a ombwe, umene ena amati mthuthu kapena katupe, kuwanyika usiku wonse, kusefa, kuthiramo kasopo pang'ono, n'kupopera madzulo. Koma chidebe chake sachitsukira kumtsinje, chifukwa ombwe ndi womwe uja amaphera nsomba.

Pamene zitsamba zimalekezera

Ndinene mosabisa: kukonda zitsamba sikutanthauza kukhulupirira aliyense wonyamula kabotolo. M'misika ndi m'madepoti muli anthu olonjeza kuti ufa umodzi uchiza shuga, BP, khansa ndi Edzi, ndipo alipo odwala amene anasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha malonjezo otere. Imeneyo si nzeru ya makolo. Ndi malonda ochitira pa mantha a wodwala.

Nkhani ya Artemisia annua ikuphunzitsa zambiri. Chomera chimenechi ndi cha ku China, ndipo Tu Youyou analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa chopeza mankhwala a malungo m'menemo. Mankhwala a LA amene zipatala zathu zakhala zikupereka kuyambira 2007 ali ndi mphamvu yochokera ku chomera chomwecho. Komabe bungwe la WHO silivomereza kumwa tiyi wa masamba ake pochiza malungo. Chifukwa chake mlimi aliyense angachimve: mphamvu ya tsamba imasintha malinga ndi nthaka, mvula, msinkhu wa chomera ndi kaumitsidwe kake. Kapu ya chaka cha ng'amba si yofanana ndi ya chaka cha chimvula. Mlingo ukaperewera, tizilombo ta malungo sitifa tonse, ndipo totsalato tingayambe kupirira mankhwala amene tonse tikudalira. Pakhomo pa azakhali mwana akatentha thupi amapita naye kuchipatala kukayezetsa magazi. Tiyi wa ginja ndi ndimu ndi wa chimfine ndi pakhosi. Mayi woyembekezera, kapena munthu amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a shuga, auze adokotala chilichonse chimene akumwa. Ndipo amene akufuna kuika ufa wake m'mapaketi n'kumagulitsa adziwe kuti kuli Malawi Bureau of Standards ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, mabungwe amene ntchito yawo ndi kuteteza wogula.

Palinso ngongole imene tili nayo ku nkhalango. Gondolosi amene amagulitsidwa m'misewu amakumbidwa ndi mizu yomwe, ndipo akusowa m'malo ambiri mmene ankapezeka. Mitengo ina yauma chiimire chifukwa chosendedwa khungwa kuzungulira. Chitsamba chobzalidwa kuseri kwa khitchini chimapumitsa chinzake cha m'phiri, ndipo phiri lokhala ndi mitengo siligumuka msanga. Ife a ku Chiradzulu tikudziwa tanthauzo la phiri logumuka.

Wa m'tawuni asaganize kuti zonsezi ndi za kumudzi kokha. Thumba la feteleza lodzaza dothi ndi manyowa, loboola m'mbali, limasunga mpiru ndi bonongwe wokwanira banja laling'ono, ndipo chimvula chikabwera ungalikokere pakhonde. Tsinde limodzi la lemon grass m'chidebe chothyoka limakwana tiyi wa chaka chonse, ndipo mipopi ikauma limapirira ndi madzi otsukuluzira.

Chaka chilichonse dzinja lisanayambe, Nthambi yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo imalengeza mmene mvula ikuyembekezeka kugwera, ndipo azakhali amamvera pa wailesi mwachidwi, n'kufunsanso alangizi akafika m'mudzi. Zimawathandiza kusankha mbewu yocha msanga kapena yochedwa. Koma ulosi wa boma lonse sungawauze za tsiku limene mtambo udzaime pamwamba pa kamtsinje kawo.

Madzulo a tsiku langa lomaliza, mitambo yakuda inaunjikana chakumpoto, mphepo inatembenuka, ndipo kunamveka kugunda. Ana anayamba kuthamangathamanga pabwalo akukuwa. Pakhomo loyandikana nafe mayi wina anatulutsa mbewu ya chimanga m'nyumba. Azakhali anathamangira ku mphasa ya masamba a chammwamba imene inali pansi pa mtengo wa mango. "Gwira mbali iyo, mwanawe, usakhuthule!" Titangoilowetsa, madontho akuluakulu anayamba kumenya malata, fungo la nthaka yonyowa n'kudzaza m'nyumba monse. Inagwa mwina theka la ola.

M'mawa kutacha anatenga khasu n'kupita kumunda wa kumtunda, ine ndili pambuyo. Anakumba kamodzi, n'kugwada, n'kupisa dzanja m'dzenjemo. Chinyezi chinali chitalowa zala ziwiri zokha, pansi pake fumbi lokhalokha. Anakwirira dzenjelo ndi phazi, n'kundipatsa kheni, ndipo tinatsikira kudimba kukathirira.